Nkhafi ya kuseri kwa chitseko

Ine sinditha kusambira. Ndiyambe ndi kuulula zimenezi kuti musanditenge ngati katswiri wa zam'madzi. Ndinabadwira ku Kawale, ndakulira ku Kawale, ndipo madzi akuya kwambiri omwe ndinalowamo ndili mwana ndi a m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu mvula ikagwa. Komatu m'nyumba momwe ndinakuliramo munali nkhafi. Nkhafi yeniyeni yopalasira bwato, yakuda bii ndi utsi komanso thukuta la m'manja, itatsamira kuseri kwa chitseko cha chipinda cha agogo anga aamuna, bambo wawo wa amayi. Kuchoka pakhomo pathu kukafika kunyanja ndi makilomita opitirira 100. Nanga nkhafi inkadikira chiyani mu Lilongwe?

Chomwe chandikumbutsa zonsezi ndi cha mwezi wathawu. Magetsi atazima, ndikumalizitsa kabandulo ka usiku, ndinakumana ndi nkhani ya Riaan Manser, mkulu wa ku South Africa yemwe anazungulira chilumba chonse cha Madagascar yekhayekha pa kayak. Ananyamuka mu Ogasiti 2008 pa doko la Toamasina n'kudzafikanso pomwepo mu Julaye 2009, atapalasa makilomita pafupifupi 5,000. Miyezi 11 ali ndi dzuwa, mchere, mphepo ndi mafunde a nyanja ya India. Dzikolo linali pa chipwirikiti cha ndale nthawi imeneyo, moti anagonako m'chitokosi apolisi atamuganizira kuti ndi msilikali waganyu. Atabwerera kwawo analemba buku.

Kwa amene simunaionepo, kayak ndi kabwato kopyapyala, kotsekeka pamwamba, kokhala ndi kabowo kamodzi kokhalapo munthu, ndipo nkhafi yake imapalasa mbali zonse ziwiri. Anayambitsa ndi anthu a mtundu wa Inuit a kumadera ozizira kwambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, omwe ankakunga zikopa za nyama za m'nyanja pa timitengo kapena pa mafupa a anamgumi kuti azikasakira. Chinali chida cha ndiwo, monga khasu kwa ife. Azungu ndiwo anadzachisandutsa chida cha maulendo otchukirapo. Mjeremani wina, Oskar Speck, anachoka kwawo mu 1932 ulova utavuta, n'kupalasa zaka 7 mpaka kukafika ku zilumba za Australia mu Sepitembala 1939. Tsoka lake, anafika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangoyamba kumene, ndipo anam'landira ndi unyolo.

Ndinagoma nawo anthu amenewa, sindinama. Koma foni itathima, mumdima muja, maganizo anga sanapite ku Madagascar. Anapita kuseri kwa chitseko chija.

Nyanja yomwe timaidziwira m'mbale

Ife a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona nyanja timaidziwa m'njira ziwiri: usipa wa pamsika, ndi ulendo wa pa Khirisimasi wopita ku Senga Bay, kukajambulitsa madzi akulekeza m'maondo. Basi. Sitiganiza n'komwe kuti madzi a mtsinje wa Lilongwe omwe timawoloka popita m'tauni amakathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja momwemo. Sitiganizanso kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, kuti pena ndi yotambalala makilomita 75, ndiponso kuti kumpoto kwake kuli malo akuya mamita pafupifupi 700. Mukaima pakati pake pena simuona mtunda.

Anthu a kunyanja mphepo amaitchula maina ngati abale awo. Mpoto umachokera kumpoto nthawi ya dzinja. Vuma amachokera kum'mawa, zambwe kumadzulo. Koma mfumu ya zonse ndi mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, womwe umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Sepitembala. Ndi mphepo yomwe ija imakuvalitsani majuzi awiri mu Juni mukudikira minibasi pa Area 25, fumbi lili m'maso. Kuno imangotiwumitsa milomo. Kunyanja imapeza njira yaitali yopanda phiri kapena mtengo woitchinga, chifukwa nyanjayi inagona motsata komwe mphepoyo ikulowera. Funde lomwe labadwira ku Mangochi limanka likula ulendo wonse wopita kumpoto. Ndipo mafunde a m'nyanja yathu amabwera mothithikana, lina pambuyo pa linzake, osapatsa bwato mpata wopuma.

Chodabwitsa n'chakuti mwera womwewo ndi umene umatidyetsa. Ukamakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, kummwera kwa nyanja kumatumphuka madzi ozizira a pansi okhala ndi chonde, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timaswana, usipa ndi utaka zimapeza chakudya. Mukadzamva a nthambi yoona zanyengo akuchenjeza pa wailesi za mwera, kenako mulu wa usipa n'kuchepa pamsika, dziwani kuti asodzi ali pagombe, akusoka maukonde, akudikira.

Livingstone anaphunzira mochedwa

Kusukulu anatiuza kuti David Livingstone anafika panyanjayi mu Sepitembala 1859. Chomwe sanatiuze bwino ndi ulendo wake wachiwiri, wa mu 1861, umene ukufanana kwambiri ndi maulendo a anthu a kayak aja. Iye, mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk ndi mmalinyero mmodzi anatenga kaboti kopalasa anthu anayi, kokhalanso ndi thanga. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Shire ndi amene anakasenza pamapewa kulambalala mathithi a mtsinjewo, mtunda wa makilomita oposa 50, akulipidwa nsalu. Pa 2 Sepitembala 1861 kanalowa m'nyanja. Anadutsa ndomo yomwe anaitcha Cape Maclear pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, n'kuyamba kutsata gombe la kumadzulo.

Anafika m'nyengo yolakwika. M'buku lomwe anatulutsa mu 1865 akusimba za tsiku lina pamene mphepo inawapeza ali kutali ndi gombe, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera, mpaka anangoponya nangula n'kukhala maola 6 akuyang'anizana ndi mafunde, anthu a pamtunda akuwalira ali moyo. Usiku wina akugona pagombe akuba anawabera zovala. Livingstone atatsika kuti ayende pamtunda anasowana ndi boti lake masiku angapo. Anakafika cha kumadera a Nkhata Bay, chakudya chitatha, n'kubwerera osaona komwe nyanja inathera. Munthu yemwe timamukumbukira ndi dzina lokoma lija loti nyanja ya nyenyezi ndi yemwenso anaitcha nyanja ya namondwe.

Koma m'buku lomwelo muli kachigawo komwe ine ndimakakonda. Akunena kuti m'mbali mwa nyanja munali anthu ochuluka zedi, midzi yondondozana, ndi mabwato ambirimbiri okongola. Asodziwo ankapalasa ali chiimire ndi nkhafi zazitali, ndipo ankalowa m'madzi ngakhale nyanja itakwiya. Amakololo omwe anabwera nawo, akatswiri a mabwato a pa Zambezi, anavomera okha kuti eni nyanjawa akuwaposa. Anam'patsanso chikondamoyo cha nkhungu, tintchentche tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Ndiye taganizani: munthu yemwe akuti anatulukira nyanja akulimbana ndi nangula, pomwe eni ake akungodutsa pambali pake kukaonjola nsomba. Dzina lake lili pa tauni, pa sukulu, pa misewu. A iwowo mabuku athu a sukulu alibe.

Matanga, nthunzi ndi manda

Nyanjayi inali msewu kalekale. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake za matanga zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa, komwe ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Kwa anthu masauzande ambiri, ulendo woyamba ndi womaliza wa panyanja unali umenewo, ali omangidwa.

Mu 1875 kunabwera sitima ya nthunzi ya Ilala, ya mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E.D. Young pamodzi ndi Robert Laws. Nayonso inakwera mathithi a Shire ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala, ndipo chaka chisanathe inali itazungulira nyanja yonse, ntchito yomwe inakanika Livingstone. Zinaoneka ngati chitsulo ndi moto zagonjetsa mphepo.

Ayi ndithu. Mu 1895 Chauncy Maples, wa mishoni ya Anglican ya UMCA, anadzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma. Pobwerera anakwera boti lachitsulo la matanga lotchedwa Sherriff kulowera ku Nkhotakota. Usiku wa pa 2 Sepitembala, tsiku lomwe lija Livingstone analowa m'nyanja zaka 34 m'mbuyomo, namondwe anagubuduza botilo cha kugombe la Salima. Maples anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, ndipo zimasimbidwa kuti mkanjo wake wautali utanyowa unam'kokera pansi. Amalinyero achikuda anasambira n'kupulumuka. Sitima yomwe inayamba kuyenda mu 1901 inatenga dzina lake.

Kenako Viphya. Pa 30 Julaye 1946, mkatikati mwa nyengo ya mwera, sitima yatsopanoyi inali pa ulendo wake wachinayi wokha, ikuchokera ku Mbamba Bay tsidya la Tanganyika kulowera kugombe la kwathu kuno. Inagubuduzika cha kufupi ndi Chitimba, komwe azungu ankati Florence Bay. Mwa anthu 194 omwe anali m'menemo, 145 anafa, ambiri mwa iwo a kalasi yotsika omwe anali m'chipinda cha pansi. Mpaka lero ndiyo ngozi yaikulu koposa ya panyanja yathu. Ilala yomwe tikuidziwa ife, yopangidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwira ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951 kudzatseka dzenje lomwe Viphya inasiya.

Zaka zonsezi, sitima zikubwera ndi kumira, bwato la mtengo umodzi silinachoke pamadzi. Ndipo mukaliyang'anitsitsa silopusa ayi. Mmisiri amasema mbawa, kapena mango masiku ano poti mbawa zikuluzikulu zinatha, n'kusiya kukamwa kwake kopapatiza, milomo itapindikira mkati, mimba yokha ndiyo yotakata. Wopalasa amakhala pamilomopo miyendo ili mkati. Funde likamenya m'mbali, madzi ambiri amatsetsereka osalowa. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kayak yotseka pamwamba. A Inuit ndi agogo athu sanakumanepo, koma mafunde anawaphunzitsa phunziro limodzi.

Masiku asanu a agogo

Agogo anali a kumudzi wina kummwera pang'ono kwa boma la Nkhotakota. Anabwera ku Lilongwe likulu litangosamuka ku Zomba mu 1975, maondo atayamba kuvuta, n'kupeza ntchito ya ulonda. Sankakonda kuyankhula. Nkhani ya nkhafi anandiuza kamodzi kokha, ndili Fomu 2, tsiku lomwe ndinaitenga kuti ndikagwetsere mango. Sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, bweretsa kuno chimenecho. Khala pansi apa."

Inali nthawi ya chitaganya, iwo ali mnyamata wosakwatira. Mkulu wawo anapita kukapha utaka ku chilumba cha Mbenji, kufupi ndi gombe la Chikombe ku Salima. Mbenji ndi malo a malamulo: kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu ya deralo inalamula kuti usodzi uzitsekedwa nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo pachilumbapo saloleza mowa, juga kapena amayi. Lamuloli a Makanjira akulisungabe mpaka pano. Mwezi wa Julaye kunafika uthenga wapakamwa woti mkulu wawoyo wadwala kwambiri, anzake amutsitsira ku Chikombe, sakutha kuyenda.

Ndalama ya lole panalibe. Kupita wapansi kukanatheka, koma wodwala akanabwera naye bwanji? Ndiye agogo anakankha bwato la amalume awo. Anatenga chinangwa chootcha, utaka wouma, chikho chokapira madzi, mkeka woti mkulu wawo adzagonepo pobwerera, ndi nkhafi ija. Wowaperekeza panalibe, amuna onse amphamvu anali ku usodzi.

Mtunda wake lero minibasi imautha pa ola limodzi ndi kanthu pa msewu wa M5. Koma iwo ankalowera kummwera, kutanthauza kuti mwera unali pamphumi. Ankanyamuka tambala woyamba, nyanja ikadali chigonere, n'kumatsata gombe. Dzuwa likangokwera mafunde ayamba, ndipo ankati unkapalasa kakhumi kuti usunthe kamodzi. Ukasiya nkhafi kuti ukape madzi, bwato latembenuka, wabwerera pomwe unali. Ukapanda kukapa, ukumira. "Munthu mmodzi ali ndi manja awiri basi," anatero. "Panyanja pamafunika atatu."

Tsiku loyamba anagona asanafike pa Chia. Lachiwiri anaoloka pakamwa pa dziwelo mtima uli m'mwamba chifukwa cha mvuu ndi ng'ona zomwe zimakonda malo otere, kutali ndi bango koma osatalikiranso gombe. Lachitatu ndi lachinayi mwera unawomba usana ndi usiku osapuma. Anayesa kulowa m'mawa wa tsiku lachitatu, funde linawabweza n'kuwaponyera pamchenga, chinangwa chonse chitapita. Anakhala cha ku Benga masiku awiri. Mayi wina wachikulire yemwe sankawadziwa n'komwe anawapatsa kondowole n'kuwauza kuti, "Mwanawe, nyanja sakangana nayo. Ukafa iwe, amako alira awiri." Anamvera, koma ankati masiku awiri amenewo, atakhala pansi kuyang'ana madzi, anali olemera kuposa onse omwe anapalasa.

Tsiku lachisanu kunacha bata. Anafika ku Chikombe dzuwa likupendeka, manja ali matuza okhaokha. Anapeza mkulu wawo anamuika dzulo lake.

Ndinafunsa funso lachibwana. "Ndiye agogo, mukanapanda kudikira ku Benga kuja, bwenzi mutawapeza?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bwenzi nditawapeza, eya," anatero. "Kumandako."

Pobwerera mwera unali kumsana. Ulendo womwe unawatengera masiku asanu anautha tsiku limodzi ndi theka, mafunde akuwakankha ngati akupepesa. Pamalo poyala mkeka paja anaikapo bulangete la mkulu wawo ndi kathumba kake ka zovala. Bwato anabweza kwa amalume awo. Nkhafi anakana nayo.

Mbiri ndi ya ndani?

Sindikunyoza Manser kapena Speck. Kupalasa wekha miyezi 11 si masewera, aise. Ndikungoona kusiyana kwake. Iwo anasankha nyanja, ndipo anali ndi kamera, mapu ndi wosindikiza mabuku akuwadikira. Ku Madagascar komwe Manser ankadutsa kuli anthu a mtundu wa Vezo omwe moyo wawo wonse uli pa timabwato ta matanga, m'mphepo yomweyo, tsiku ndi tsiku. Kwathu kuno usiku uliwonse kuli siginala yemwe wakhala yekha pabwato ndi nyali zake, kutali ndi gombe, kuitana usipa kuti anzake adzaukute ndi chilimira. Ulendo ukauyenda chifukwa chofuna, dziko limautcha mbiri. Ukauyenda chifukwa cha njala kapena matenda a m'bale wako, limangoti ndi umphawi.

Ndipo vuto si azungu okha, tisanamizane. Ine ndemwe ndinakhala nyumba imodzi ndi munthu ameneyu zaka 19, ndipo ndinamufunsa funso limodzi lokha, lopusanso. Sindinafunse kuti ankadziwa bwanji kuti kucha bata, kapena kuti mitambo ya vuma imaoneka motani, kapena nyimbo zomwe ankaimba popalasa. Ndinkaona mlonda wokalamba wonunkha fodya, yemwe ndinkachita naye manyazi anzanga akabwera. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anagonera mpaka mwini wake anapita nawo.

Agogo anamwalira mwezi wa Juni, mwera uli pakati. Pamaliro panadza anthu ambiri kuposa momwe tinkayembekezera, a kumpingo, a kumudzi, alonda anzawo. Mthiko womwe unalipo unachepa pa mphika waukulu wa nsima. Mayi wina woyandikana nafe analowa m'nyumba kukasaka china, n'kutuluka ndi nkhafi ija. Anaitsuka bwinobwino, n'kuyamba kuvundulira. Ndinathamanga kuti ndikailande, koma amayi anandigwira dzanja. "Asiye," anatero. "Bambo akanaseka."

Ili kwa ine tsopano, kuno ku Area 23 komwe ndikuchita lendi, kuseri kwa chitseko. Kunsonga kwake kunayera ndi kutentha kwa mphika uja, ndipo pogwirira pali timaenje tiwiri tomwe zala zawo zinadya. Zala zanga sizikwanamo, n'zazing'ono.

Ngati kwanu kuli munthu wachikulire yemwe anachokera ku Nkhotakota, Likoma, Usisya, Makanjira kapena Msaka, yemwe lero amangokhala pakhonde kuothera dzuwa, musadikire maliro. Foni yomwe mukuwerengerapo iyi ili ndi pojambulira mawu. Muwagulire fanta, mukhale pansi, muwafunse maina a mphepo. Muwafunse ulendo wautali kwambiri womwe anayendapo okha, ndi chomwe ankakatenga.

Ine mwezi wa Okutobala, mwera ukagona, ndikupita ku Chikombe. Ndikufuna ndikaone pomwe bwato lija linakocheza. Ndauza kale mnzanga wina wa ku Salima kuti akandiphunzitse kusambira, ndipo waseka mpaka misozi.